Galu Wodya Mavu

M'mawa uno ndapeza chisa cha mavu pakhonde. Ndisanachigwetse, ndinaima kaye tsache lili m'manja.

Ndili mwana ku Chamama, akuba ankavuta m'zigafa nyengo ya fodya. Bambo anabwera ndi galu wamkulu wa makutu oima, yemwe anamutenga kwa mlonda wa ku esiteti. Unali mtundu wa agalu olondera, koma bambo anati ndi wofatsa kwambiri. Anasinja mavu n'kusakaniza mu gaga wake, monga ankachitira anthu akafuna kuti galu aziluma. Kenako anamumangirira pa nsanamira ya chigafa, osalola kuti azolowere munthu aliyense.

Tsiku lina masana tinkasoka fodya pamthunzi. Manja ankamata ndi utomoni wa masamba, ndipo mlongo wanga wakhanda anali atagona pamphasa. Mwadzidzidzi chingwe chinaduka. Galuyo anathamangira kamwana ka mbuzi, n'kukagwira pakhosi, n'kukapukusa mpaka kulira kunatha.

"Mwaona? Wayamba ntchito," anatero bambo akuseka. "Wakuba angoyerekeza kubwera."

Galu anasiya kambuziko pansi. Kukamwa kuli magazi, anatembenukira kumphasa, kumene mwana ankaponya timiyendo m'mwamba. Makutu aja anaimanso.

Mayi sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, n'kunyamula mwanayo, n'kuyang'ana bambo.

"Bambo ake, kodi mavu aja munawauza kuti wakuba ndi uti?"

Bambo ankafufuza chingwe chija ndi phazi, maso ali pa galu.