Adalaivala ndi Mphaka wa Mwana Wawo

Adalaivala anayendetsa galimoto za ku ofesi zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma yawoyawo sanakhalepo nayo. Atapuma pa ntchito dzina loti Adalaivala linawakanirira, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Mwana wawo wamkazi, namwino, atapeza mwayi wokaphunzira kutali kwa zaka ziwiri, anawasiyira kagalimoto kake koyera pamodzi ndi mphaka wotuwa, dzina lake Dona.

"Ababa, mundisungire bwino onse awiri," anatero powapatsa makiyi.

Galimotoyo anaiimika pambali pa khonde, pansi pa zenera la kuchipinda. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi ndowa ndi kansalu kofewa, kuipukuta mpaka kumadziona nkhope pa chitseko. Ankayang'ana oilo, kugogoda matayala ndi phazi, kuiliza mphindi zisanu, kenako n'kuithimitsa. Akangolowa m'nyumba kukamwa tiyi, Dona ankakwera. Potuluka ankapeza timapazi tafumbi tayamba pa boneti, tadutsa pa galasi mpaka padenga, mwini wake atagona cham'mbali, mchira uli lende.

Anayesa makoko a malalanje, poti mnzawo wina anati amphaka amadana ndi fungo lake. Dona anawakankhira pansi limodzilimodzi. Anafunditsa galimoto yonse ndi chinsalu, iye n'kuona ngati amuyalira. Botolo lopopera madzi linathandiza masiku awiri okha, chifukwa mphakayo anaphunzira kumvetsera kulira kwa patapata wawo.

"Abambo, mwasanduka wapolisi wapamsewu tsopano?" anafunsa akazi awo, akusita pakhonde.

"Penti iyi si yamasewera, amayi. Chikhadabo chimodzi chokha, mwana ndikamuuza chiyani?"

"Mukamuuza kuti mphaka wake wakanda galimoto yake."

Adalaivala sanali munthu womenya chiweto, ndipo kukalipa sankakudziwa. Ankangomunyamula Dona ndi manja awiri, kumutsitsa pansi, n'kumuuza kuti, "Pano si pokwerera."

Loweruka lina anatsegula zitseko zonse zinayi kuti akunthe makapeti. Atatembenuka, mphaka uja sanali pa boneti kapena padenga. Anamupeza kumpando wakumbuyo, atadzipinda pa juzi yobiriwira imene namwino anaiiwala m'menemo. Ankaiponda ndi mapazi akutsogolo mosinthasintha, mphuno ataikwirira m'kolala.

Adalaivala anamuyang'anitsitsa, kapeti ili m'manja. Kenako anaitana motsitsa mawu.

"Amayi, tabwerani muone."

Akazi awo anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Kani akumusowa mwini wake. Ife tinkati ndi mwano."

Masana omwewo Adalaivala anakhomera thabwa pakhoma la khonde, pamene dzuwa la m'mawa limafika, n'kuikapo katoni yosaya, juzi ija m'kati. Dona anainunkhiza, anazungulira kawiri, n'kugona. Sikuti analekeratu kukwera galimoto. Kukazizira, injini ikangothima, ankatsikabe kukaotha pa boneti, ndipo iwo ankamusiya mpaka chitsulo chitazizira. Masiku ena onse galimoto inkaswera yoyera.

Patatha mwezi namwino anaimba foni.

"Ababa, kuno kwayamba kuzizira. Juzi yanga yobiriwira ija simunaione? Munditumizire."

Adalaivala anayang'ana pakhonde. Khutu limodzi lotuwa linkaoneka pamwamba pa katoni.

"Tinaiona, mwanawe. Koma ugule ina. Iyi yadzaza ubweya, ndipo amene akuigwiritsa ntchito sangalole."