Amayi a Tochi ndi Bokosi la Nkhungu

Ana asukulu ankawatchula kuti Amayi a Tochi, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka imvi. Anali alamu anga, akazi a achimwene anga omwe ankaphunzitsa sayansi kusekondale.

Achimwene anali ndi bokosi lagalasi loonetsera ana myuwoni, kanthu kochepa kuposa atomu kochokera kuthambo, komwe kamaboola denga ndi matupi athu ife osamva kanthu. Ankati ndi m'bale wake wa elekitironi, banja limodzi la malepitoni, kungoti myuwoni ndi wolemera ndipo sachedwa kufa. M'bokosimo ankaikamo nsalu yonyowa ndi sipiriti, kunsi kwake ayezi wouma. Mukazizira munkachita kankhungu, ndipo myuwoni akadutsa ankasiya kamzere koyera.

Okatenga ayeziyo kwa opanga ayisikirimu anali alamu. Osita nsalu, opukuta galasi, otseka makatani, anali omwewo. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha, poti ayezi ameneyu amawotcha ngati khala. Zonse zikakonzeka ankagwada pambali pa tebulo, mutu uli m'munsi, atagwira tochi kuti kuwala kukwawe pansi pa bokosi. Timizereto timaoneka kwa munthu woyang'ana kuchokera pamwamba basi. Ana ankakuwa ndi chimwemwe, alamu akuona miyendo ya tebulo. Zikomo wa achimwene anali wakuti asagwedeze mkono.

Achimwene atapuma pantchito, shuga anawalanda maso, nzeru nazo n'kuyamba kutayika. Anayamba kukana chakudya pokhapokha myuwoni atadutsa kaye. Ana awo, omwe amakhala kutali, ankati pafoni amayi angowachitira, si ntchito yaikulu.

Tsiku lina masana ndinawapeza ali pa zimenezi, chakudya chikuzizira. Achimwene anapapasa chigongono cha akazi awo kuti atsimikize kuti tochi ili pamalo pake.

"Wadutsa, mayi?"

"Wadutsa, bambo."

"Wooneka bwanji?"

"Wowongoka, woonda ngati ulusi."

Anali mawu omwe alamu ankamva ana asukulu akunena. Achimwene anayasama, alamu n'kuzimitsa tochi, kutenga sipuni.

Kukhitchini ndinawapempha kuti mawa lake ndigwire ine tochiyo, iwo aimirire aone ndi maso awo. Anakana. Anati achimwene amachidziwa chigongono chawo, akagwira chachilendo sadya. Anaseka pang'ono, akupaka mafuta pazala, n'kuti mwina adzaona mtsogolo, zinthuzo sizitha kuthamboko.

Achimwene anamwalira mvula isanayambe. Maliro atatha, mwana wawo wachisamba ananyamula bokosilo kukalipereka kusukulu kuja kuti likhale chikumbutso cha bambo ake. Sanafunse aliyense. Ndinamva kuti analitsekera m'kabati, poti palibe wokatenga ayezi.

Tochiyo anaiiwala pawindo. Alamu amaunikira nayo pansi pa bedi akamafuna nsapato.