Chaka chimene ndinalondera misozi ya amayi

Kachipewa kaja kanali kachikasu, kongokwana pachibakera changa. Amayi anakaluka okha ali ndi pakati, koma mwanayo anabadwa atafa kale. Azimayi anakamukwirira kudambo, popanda bokosi, popanda nyimbo. Kwathu mtayo salira. Ankati mayi akaulira, sadzaberekanso.

Inali nyengo ya manachesi, mphepo ya m'mapiri ikung'amba milomo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Azakhali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nandipatsa nzimbe. "Ukawaona amako akulira, uzidzandiuza. Ukufuna mng'ono wako, eti?" Ndinkamufunadi.

Ntchitoyo ndinaigwira mokhulupirika. Amayi ankakhala tsiku lonse patsinde pa mnachesi, kachipewa kali m'manja, osasamba, osapesa. Zipatso zinkagwa n'kuwolera pamapazi pawo, ntchentche zili ng'waa. Ndikangoona chibwano chawo chikunjenjemera, liwiro kwa azakhali. Ankabwera ndi azimayi anzawo, atatu kapena anayi, n'kuwazungulira amayi chiimire. "Kodi ndinu oyamba kutaya mwana? Pukutani m'masomo!" Amalume ankati ndi ulesi basi. Abambo anabwerera kwawo ku Chifunga, ati sangakhale ndi mkazi wosayankha.

Akuluakulu onsewo, opemphera Lamulungu lililonse, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhala nawo pansi n'kuwafunsa kuti mlongo, chikukupwetekani n'chiyani. Anasankha kutuma mwana kuti akazonde mayi ake. Ndiye anthu amadabwa kuti sindikhulupirira munthu!

Lero achipatala akuti ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Mdzukulu wanga atataya mwana chaka chathachi, ndinaona maso omwe aja a amayi, oyang'ana koma osaona. Sindinatume munthu. Ndinamuperekeza ndekha kuchipatala ku Ligowe, ndinakhala pambali pake kumvera mawu alionse, mankhwalanso ndimasunga ndine. Anzanga a kumpingo atabwera ndi malangizo akale aja, ndinawabweza pakhomo. Ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti lira, mwanawe, lira mpaka utope. Pano wayambanso kupita kudimba.

Amayi analibe wowatsekera chitseko. Anasiya kudya, anasiya kulankhula, ndipo mvula yoyamba inawapeza ali kumanda. Pamaliro pawo azakhali ndi amene analira mokweza kuposa onse.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi masana ena amayi asanamwalire. Ndinabisala kuseri kwa khola la mbuzi, ndikuwasuzumira, ndipo anandiona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowetsa kachipewa kaja m'bulauzi, napukuta nkhope, nandimwetulira. Kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso akulira.

Ndinathamangira kwa azakhali ndikukuwa kuti amayi achira, amayi achira. Anandipatsa nzimbe yaitali kuposa zonse, ndipo ndinakaidyera patsinde pa mnachesi, pafupi ndi amayi, ndikudikira kuti andiyamikire.