A Chimbalanga ndinawaika pa desikitopu yachinayi

Lachisanu lapitali abwana anandiyamikira pamaso pa anthu. Akuti mu ofesi yathu yonse ya ku Kempton Park kuno ku Joni, kumene timalondoloza malole a katundu, palibe amene wasintha ngati ine, ndiye mawa Lolemba ndiphunzitse anzanga mmene ndimachitira. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoonetsa mano, mumtima ndikudzitukwana.

Chimene akuti ndiphunzitsecho ndi ichi. Kompyuta ndi imodzi, sikirini ndi imodzi, koma mungathe kuigawa ngati nyumba ya zipinda. Amati madesikitopu. Mukadina mabatani atatu pamodzi, zonse zimene zinali pamaso panu zimatsetserekera kumbali, n'kubwera zina. Sizinatsekedwe ayi, zangobisika.

Ndisaname, chinthuchi chimathandiza. Kale sikirini yanga inali ngati msika wa ku Tsakane kumapeto kwa mwezi, chilichonse pamwamba pa chinzake. Ndiye mwezi wathawu ndinagawa. Yoyamba malole, yachiwiri maimelo, yachitatu mapepala a katundu. Yachinayi ndinaikapo mauthenga a pafoni yanga, poti mafoni timawatsekera m'maloka mpaka poweruka, ndipo abwana amalola kuwalumikiza ku kompyuta. Kabelu kake kolira uthenga ukafika ndinakazimitsa, kamandisokoneza. Mutu unapepuka, ntchito n'kuyamba kuyenda ngati yathiridwa girisi.

Tsono ndikuuzeni za a Chimbalanga. Ndi akwathu ku Ntcheu, mmisiri womanga nyumba. Nditafika ku Joni zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndili ndi kachikwama ndi nambala yawo yokha, anandilandira ku Tsakane. Ndinagona pansi m'chipinda chawo miyezi isanu. Juni atafika, ataona ndikunjenjemera m'malaya a kwathu, anavula jekete lawo lachikopa n'kundiveka. Ndinawabwezera nditagula langa.

Chaka chino chifuwa chawagwetsa. Ndinakawazonda kamodzi, nthawi ya Pasaka. Kuchokera apo Lamulungu lililonse ndakhala ndikunena kuti ndipita Lamulungu linalo.

Lachitatu, nthawi ya tiyi, ndinasuzumira pa yachinayi. Panali uthenga umodzi wochokera kwa akazi awo, mayi Nangozo: "Mwadzuka bwanji bambo a Tadala?"

Basi, womwewo. Ndinati aa, moni chabe, ndiyankha ndikaweruka. Mabatani atatu, mayi Nangozo anatsetserekera kumbali.

Inu owerenga, ndinu akwathu, ndiuzeni. Ndi liti Mmalawi anayamba ndi nkhani? Ngakhale nyumba ikupsa, amayamba wakupatsa moni, n'kudikira uyankhe, ndiye anene chimene wadzera. Nkhani ikalemera m'pamene moni amatalika. Izi ndimazidziwa kuyambira ndili mwana. Mayi amene sananditumizirepo uthenga chaka chonse angadzuke Lachitatu n'cholinga chongofuna kudziwa mmene ndagonera?

Hafu pasiti folo ndinabwerera pa yachinayi. Pansi pa moni uja panali mauthenga atatu.

Wa 12:20: "Pepani tikukusokonezani pa ntchito. Abambowa tikupita nawo kumudzi lero, basi ndi ya masana ano. Akufuna akutsanzikeni."

Wa 12:50: "Tili pageti panu."

Wa 1:15: "Tanyamuka. Akuti musadandaule, ntchito njofunika."

Munthu wodwala chifuwa miyezi isanu ndi umodzi akamakwezedwa basi ya kumudzi, tonse timadziwa ulendo wake. Sapita kukapuma.

Ndinathamangira kugeti ngati ndikawapeza. Mlonda wathu, bambo wachikulire wa Chizulu, anandipatsa jumbo. Anati kagalimoto kanaima pamenepo nthawi yaitali, mkulu wowonda atatsamira pazenera, maso ali kuchitseko cha ofesi. Iye anafuna kudzandiitana, koma mkuluyo anakaniza ndi dzanja, akuti musamuitane mwanayo, angamuchotse ntchito.

M'jumbomo munali jekete lija.

Kuchokera pampando wanga kufika pageti ndi mphindi imodzi. Ndayesa dzana, ndikuwerenga mapazi ngati wamisala. Mphindi makumi awiri ndi zisanu zimene anaima panjapo, ine ndinali pa yoyamba, kusakasaka lole ya matailosi imene inasochera ku Nigel. Ndinaipeza. Ndi lole yomweyo imene abwana anatchula pondiyamikira.

Ndakwiya, ndipo sindikudziwa pokaukhuthulira mkwiyowo. Kwa kompyuta? Inachita chimene ndinailamula. Kwa abwana? Sanandiletse kudina mabatani atatu. Kwa a Chimbalanga, amene zaka makumi atatu za ku Joni zinawaphunzitsa kuti kutsanzika kwa munthu wopita kukafa n'kochepa kuposa ntchito ya mnzake? Pang'ono ndawakwiyira, inde. Koma amene ndikumuona ndikayang'ana pagalasi ndi yemwe anaona moni n'kumudutsa.

Ndipo tisanamizire makina. Ife a ku Joni desikitopu yachinayi tinali nayo kale, kompyuta isanabwere. Ili m'mutu. M'menemo ndimo timasunga mwana amene akukula kumudzi osatidziwa nkhope, mlongo amene anaimba kawiri sabata yatha, mnzathu wogona m'chipatala tauni yomwe ino. Sitinawataye, timatero, tawasungira nthawi yabwino. Machona akale anali ndi chodzikanira, kalata inkayenda miyezi. Ife uthenga umafika nthawi yomweyo, n'kukhala pamenepo ukutiyang'ana, ife tikuti ndikapeza mpata.

Nanga mpatawo uli kuti? Ati njira zimenezi zimapulumutsa nthawi. Chabwino. Nthawi imene ndinapulumutsa mwezi wonsewu inapita kuti? Sindinawerukepo msanga ngakhale tsiku limodzi. Anangondiwonjezera malole. Ku Tsakane sinandifikitse, pageti penipenipo sinandifikitse. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wanga anaima padzuwa la masana mpaka kukamuka, ine ndikusamala matailosi a munthu amene sindidzamuona.

Dzulo m'mawa foni inalowa. Anafika ku Ntcheu Lachisanu. Mayi Nangozo anati mawu anawathera m'njira, cha ku Tete, koma makutu akumva.

"Ndawaikira pakhutu, bambo a Tadala. Lankhulani."

Ndinamva kupuma kokha, kokoka ngati sowo pa thabwa lonyowa. Zonse zimene ndinakonza masiku atatu zinabalalika. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Ndadzuka bwino, bambo. Kaya inu."

Mawa ndivala jekete lija ndikaphunzitse. Ndikawaonetsa mabatani atatu, ndikawaonetsa pogawira zipinda, pakuti ntchito njofunika, a Chimbalanga anatero. Koma tikafika pa yachinayi ndikaima kaye, abwana akonde asakonde, ndikawafunse chimene ndikukufunsani inu tsopano. Moni amene munamuona m'mawa uja, munati muyankha mukapeza mpata, ndi wa ndani, ndipo mukudziwa pamene waima?