Gitala Yanga Inalirira Khoma

Chimbale chathu chinajambulidwa masana a Lamulungu lina, m'nyengo yozizira, mu holo ya parishi kufupi ndi Bembeke. Ndikuti chimbale, koma inali kaseti chabe, yopanda chithunzi. Amene amaikumbukira amaitchula ndi dzina la msuweni wanga. Inenso ndilimo, koma kuti mundimve muyenera kugunditsa khutu pa wailesi.

Bandi ija ndinaiyambitsa ndine. Ndinali kalaliki pamalo ocheka matabwa kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Malume anga, pochokera ku migodi ya ku Zambia, anabwera ndi malekodi a nyimbo za roko, zija magitala ake amakalipa ngati macheka akafika pamfundo ya mtengo. Iwo sankazikonda, anangopatsidwa ndi munthu wina. Ine ndinazimvera mpaka malekodiwo anatha mizere. Ndinagula gitala yamagetsi yakale ndi sipika yake, koma inkalira mwaulemu, ngati ya m'tchalitchi. Tsiku lina pepala la m'kati mwa sipika linang'ambika, ndipo mawu anatuluka okhadzula, ofanana ndi a pamalekodi paja. Ndinamata pong'ambikapo. Mawa lake ndinatenga lezala n'kung'ambanso, malo atatu.

Msuweni wanga, mwana wa malume omwewo, ndinamuphunzitsa ndine. Ndinkamugwira zala n'kuziika pa nsambo chimodzichimodzi. Sipika yakenso ndinamung'ambira ndine. Anaphunzira msanga, koma sankasamala. Akalakwitsa, ankalakwitsa mokweza, akuseka, ndipo anthu ankaseka naye. Ine ndinkayeserera gawo limodzi sabata yathunthu kuti ndisaphonye.

Tinali anayi: ife awiri pa magitala, telala wina pa ng'oma, ndi mphunzitsi wa pulayimale pa besi. Masiku amenewo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, choncho tinkaimba roko mitu ili yometa bwino ngati ana a kwaya. Wapampando wa chipani m'dera lathu ankafuna kumva mawu a nyimbo iliyonse tisanaiimbe pagulu. Tinkaimba za basi yochedwa, za mbatatesi, za nkhungu ya m'phiri. Ukali wonse tinkausiya m'magitala, poti gitala sankaifunsa kuti ikutanthauzanji.

Telala uja ankadziwana ndi mwini hotela ina ku Lilongwe, kumene mzinda watsopano unkamangidwa. Bamboyo anali nayo kale bandi, ankangosowa woimba gitala mmodzi. Anati timutumizire tepi yojambulidwa pamaso pa anthu, kuti amve ndi mmene anthuwo akuilandirira. Malo anali amodzi, magitala awiri. Ine ndinkawafuna malowo. Utuchi wa matabwa unkandikhala pachifuwa, ndipo ndinali nditangokwatira kumene, ndikukhala chikamwini kwa mkazi wanga, m'kanyumba koyang'anizana ndi khola la apongozi. Sindinkakayika kuti adzasankha ine. Nyimbo yathu yaikulu, ya nkhungu ija, ndinapeka ndine, ndipo pakati pake panali gawo lalitali loti gitala yanga ilire yokha, msuweni akungondiperekeza chapansipansi.

Wotijambula anali wansembe wina wachikulire amene anali ndi makina ojambulira makwaya, aja a matepi aakulu ozungulira. Maikolofoni inali imodzi. Loweruka tinakayeserera mu holo, iye n'kuimangirira ndi chingwe kudenga, kutsogolo kwa nsanja.

“Makina awa alibe tsankho,” anatero. “Amamva amene wawayandikira.”

Ndinatenga choko ku ofesi ya sukulu. Ndinayeza kuti masipika awiriwo atalikirane ndi maikolofoni mofanana, yanga kumanzere, ya msuweni kumanja, n'kulemba mizere pansi.

“Akalaliki, mulembenso pamene ndiziponda,” anatero msuweni. “Ndingaponde molakwika n'kuchotsedwa ntchito.”

Lamulungu, Misa yachiwiri itatha, anthu sanapite kwawo. Kunja kunali mphepo ndi kamvula kowaza, ndiye holo inadzaza msanga. Jenereta inayamba kulira kuseri. Mkazi wanga anali atandiuza kuti amayi ake sabwera, kuti zaphokoso sakonda. Ndinali nditawerama, ndikulumikiza mawaya, pamene ndinaona akatekisiti akuchotsa ana pa benchi yakutsogolo kuti pakhale akuluakulu. Azimayi anayi a m'bungwe la mpingo analowa, atafunda nsalu. Wachiwiri anali apongozi anga. Anawakhazika kumanzere, moyang'anizana ndi sipika yanga, pafupi poti akanatambasula dzanja akanaikhudza.

Chikwatirire ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu. Ndikafuna kubwereka khasu ndinkatuma mkazi wanga. Tsono apa ndinayenera kuima pamwamba pawo, miyendo ili tang'a, n'kuwathira m'makutu phokoso la pepala long'ambika.

Ndinakoka sipika ija kupita nayo kumbuyo, n'kuitembenuzira kukhoma. Inenso ndinaima komweko, chammbali mwa ng'oma, nkhope itayang'ana pawindo.

Msuweni anabwera gitala ili m'khosi.

“Nanga mizere ija? Paja munalemba nokha.”

“Apongozi,” ndinanong'ona.

Anasuzumira, n'kuwagwadira pang'ono patali, iwo n'kuomba m'manja mwaulemu.

“Ndiye bwanji? Abwera kudzamva. Apatse.”

“Iwe samala zako.”

“Ayi, ndasamala. Akamwini inu, kukwatira pafupi n'kumeneku. Ine ndidzakatenga wa ku Karonga, apongozi azidzamvera pa wailesi.”

Wansembe uja, zomvera zili m'makutu, anandikodola kuti ndisendere kutsogolo. Ndinagwedeza mutu, n'kusuntha sipikayo pang'ono chabe. Telala anamenya timitengo take, tinayamba. Nyimbo yoyamba inali yotamanda mtsogoleri wa dziko, monga mwa nthawi zonse, ndipo tinaiimba mofatsa. Kenaka tinatsegula.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti khoma limabweza mawu. Phokoso lonse la gitala yanga linkamenya njerwa n'kubwerera m'makutu mwanga. Ndinali ndisanadzimvepo mokweza chotero. Ndinaopa kuti ndikuphimba anzanga, ndipo apongozi akuvutika, choncho ndinachepetsa mawu ake. Wansembe anakodolanso. Ndinayesa akuti ndichepetse, ndinachepetsa kachiwiri.

Tinafika pa nyimbo ya nkhungu. Sindidzitama kawirikawiri, koma masana amenewo ndinaimba gawo langa popanda kuphonya ngakhale pamodzi. Ndinatsinzina. Zala zinkapita zokha. Chapakati ndinamva holo yonse ikuphulika, malikhweru, nthungululu, mabenchi akugunda pansi. Ndinati chamumtima, Lilongwe ndapita.

Nditatsegula maso ndinaona msana wa msuweni. Anali atagwada pansi pa maikolofoni penipeni, mutu uli chagada, akuimba gawo langa. Pambuyo pake anandiuza kuti kutsogoloko sikunkamveka kanthu kochokera kwa ine, anayesa waya wanga waduka, ndiye anatseka mpatawo. Mwina n'zoona. Sindinapeze chifukwa chomutsutsira, ngakhale ndinachifunafuna zaka zambiri.

Tepi tinakaimvera pakhonde pa wansembe patapita masiku ochepa. Ng'oma zinamveka, besi inamveka, kutsokomola kwa akatekisiti kunamveka. Gitala ya msuweni inali ponseponse, yonenepa, yolusa, ndi mawu aja ndinamung'ambira ndi lezala langa. Yanga inali ngati udzudzu wa m'chipinda china.

Tinapitiriza kumvera. Kenaka msuweni anaimika chala.

“Ulipo, msuweni. Tamvera. Apo.” Anatchera khutu. “Kapena ndi jenereta?”

Mphunzitsi uja anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Wansembe anati tikhoza kubwereza mwezi wotsatira, iye akabwerako koyendera nthambi za parishi. Koma telala anali atalonjeza kale, ndipo m'mawa mwake anakwera basi ndi kaseti m'thumba. Anabwerako ndi uthenga waufupi: amene akuliza gitala pa nyimbo ya nkhungu abwere.

Ndimupatse chilungamo chake msuweni. Atafika kumeneko anamuuza mwini hotela kuti nyimboyo ndi yanga, kuti ndinamuphunzitsa ndine. Bamboyo akuti anayankha kuti iye salemba ntchito aphunzitsi, akufuna zimene wamva pa tepi. Msuweni anandifotokozera zimenezi mokhulupirika, mawu ndi mawu. Bola akanangondibisira.

Kaseti ija inayamba kuyenda yokha. Wina ku Lilongwe anaijambula pa makaseti ena, enanso anajambula pa amenewo. Inafika pa boma la Dedza kudzera m'malole. Ndinkaimva m'mabotolo sitolo ndikapita kukagula zitsulo za njinga. Madalaivala obwera kudzanyamula matabwa ankailiza akudikira kuti ndiwalembere zikalata, ndipo wina anandifunsa ngati n'zoona kuti woimbayo ndi m'bale wanga. Ndinati inde. Anandipatsa moni wa dzanja kachiwiri. Akuluakulu a mpingo ankati ndi nyimbo za anthu osuta chamba, ndipo anapempha kuti holo isadzabwerekedwenso pa zotere. Amene anaitanidwa kukamva madandaulowo ndinali ine, poti ndine ndinapempha holoyo.

Chimene chinkandipweteka koposa chinali malo amodzi. Pa gawo langa pali pamene mawu amatsika pang'onopang'ono, ngati munthu akutsika phiri m'nkhungu, akufufuza poponda. Msuweni sanapaphunzire bwino. Chala chinaterereka, n'kukwera m'malo motsika, gitala n'kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Pamenepo mpamene anthu anakuwa. Mpamenenso ankabwezera kaseti kuti amvenso. Anyamata oimba mabanjo a zigubu pamsika anaphunzira gawo lonselo, ndi kulakwitsako komwe, mosamala kwambiri. Ndinkadutsa ndikukankha njinga, osatembenuka.

Bandi sinakhalitse. Magitala awiri aja ndiwo ankainyamula, ndipo ine ndekha ndikaima kutsogolo anthu ankafunsa kuti winayo abwera liti.

Tsiku lina madzulo mkazi wanga, akusankha nyemba m'lichero, anati, “Amayi akuti anasangalala tsiku lija.”

“Anasangalala?”

“Akuti msuweni wanu uja ali ndi mphatso. Akuti pamene anagwada paja, iwo anangoti mwana uyu afa nayo gitala.”

Ndinadikira. Iye anapitiriza kusankha.

“Za ine sananenepo kanthu?”

“Ananena. Akuti muli ndi ulemu.”

“Basi?”

“Akutinso anasankha dala kukhala mbali yanu kuti akumveni bwino. Anadabwa kuti mwina gitala yanu inawonongeka.”

Chaka chimenecho apongozi anandionjezera munda, chigawo chabwino cha kumunsi kumene chinyezi sichitha. Anauza abale awo kuti mkamwini wotere sapezekapezeka. Ndinabzalamo mbatatesi, ndipo zinabereka kwambiri.

Msuweni anabwera pa Khirisimasi, atavala jekete yachikopa ndi nsapato zazitali zidendene. Ana a m'mudzi anamutsatira kuyambira kumsewu. Anakapereka moni kwa apongozi anga, n'kucheza nawo pakhonde nthawi yaitali, akuseka, poti kwa iye sanali apongozi. Ine ndinali m'nyumba, ndikumva zonse.

Atalowa anaona gitala yanga itapachikidwa pamsomali.

“Tandionetsa gawo lija mmene unalipekera. Anthu amalipempha tsiku lililonse, koma ine sindidziwa ngati ndimaliimba bwino.”

Ndinaitsitsa. Kunalibe magetsi, ndiye inalira nsambo zokhazokha, mawu ang'onoang'ono. Ndinaimba kuyambira poyamba, ndi potsika paja, pang'onopang'ono, mpaka pansi. Anamvetsera atazolika. Sanaseke.

“Yakoyi ndiye yolondola,” anatero. “Ndi yabwinonso kuposa yanga.”

Ndinkafuna apitirize.

“Koma anthu anazolowera yanga ija. Ndikaikonza adzati ndalakwitsa.”

Ponyamuka, mkazi wanga anati timupatse mbatatesi, m'tauni n'zodula. Ndinapita ndekha kunkhokwe ndi thumba. Ndinamusankhira zing'onozing'ono.