Penti pa Thundu Woyera

Apongozi anga, a Delmar Haugen, akhala akutentha phiri la kuseri kwa nyumba yathu chaka ndi chaka, masamba akangoyoyoka. Pa unyamata wawo ankadula mitengo pa macheka. Atapuma anayamba kuisamala. Amati gwape safuna nkhalango yothithikana, amafuna thundu wotalikirana, dzuwa lizifika pansi, msipu uziphuka. Pakati pa phirilo ndi nyumba pali kanjira kolambula basi, ndipo zenera la Junie, mwana wanga wa miyezi isanu ndi iwiri, lapenya komweko.

Ndi iwo anandiphunzitsa mitengoyo nditangokwatiwa. Thundu wofiira masamba ake ndi osongoka, mtedza wake wowawa. Ukathinana amaupaka penti kuti udzadulidwe. Woyera masamba ndi obulungira, mtedza wake agwape amachita kuulimbirana. Umenewo sakhudza.

Chaka chino ndinayamba kuona zachilendo mwa apongozi. Khofi kuthira pambali pa kapu. Chitsa kuchiitana dzina la galu. Ndinauza Wes, mwamuna wanga, pa foni ali ku ulendo wa lole.

"Iwe, adadi anayamba kuyatsa moto usanabadwe," anatero. "Ukagone."

Kugona kwake kuti? Moto unali Loweruka. Munthu wosaona chitsa, angaone lawi litalumpha kanjira? Ndinkangozungulira m'nyumba, kulongedza matewera, kumasula, kulongedzanso.

Lachinayi ndinakwera phiri, Junie ali pachifuwa. Ndinawapeza ndi chitini cha penti. Kumbuyo kwawo, thundu woyera wamkulu amene amati ndi khitchini ya agwape anali ndi mzere wofiira, wosauma n'komwe.

"Mayi a Junie, mwabwera kudzayendera ntchito? Abwana afika!"

"Bambo, uwu mwaupakiranji?"

"Ndi wofiira, ukutchinga dzuwa. Sukulu yanga munathawa eti?"

Ndinawerama, n'kutola kamtedza pansi pake, n'kuwaika m'dzanja.

"Talumani."

Anaseka, n'kuswa ndi mano. Anatafuna, koma sikanali kowawa. Kuseka kunatha. Anapapasa khungwa, penti n'kuwamata zala.

"Munayamba liti kundiona?"

"Kalekale, bambo. Ndimaopa kunena. Koma Loweruka ndikuliopa kwambiri."

Junie anawagwira chipewa. Sanamuletse.

"Mtsikana iwe, mayi ako ali ndi maso ngati kabawi," anatero. Kenako anandipatsa mpeni wawo. "Palani pentiyo, osalasa mtengo. Mukatha tiyendere yonse imene ndapaka, muzindiuza masamba. Moto akatsogolere a Lindqvist a kutsidya. Ine ndikhala pakhonde, ndizingowatukwana."

Mwa mitengo khumi ndi iwiri, itatu inali yoyera.

Loweruka a Lindqvist anabwera ndi anthu anayi ndi thanki ya madzi. Apongozi anakhaladi pakhonde, Junie ali pamwendo, akununkhiza mphepo n'kumakuwa kuti ayambire kumunsi. Galimoto ndinaiimikabe yoloza kumsewu, makiyi ali m'thumba, mpaka utsi womaliza utazilala.