Mpata wa Mdima wa a Bornwell

Pa boma la Chama, kuseri kwa msika kumene amagulitsa mpunga, pali kanyumba ka chitseko chobiriwira. Mmenemo ndi mmene a Bornwell akhala akudula ndi kulumikiza mavidiyo kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Ndi munthu wamtali, wofatsa, woyankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Maukwati ajambula, ubatizo ajambula, koma anthu a m'chigwa cha Luangwa amawadziwira mavidiyo a maliro.

Kuno mvula ikagwa mitsinje imadzaza, misewu imaduka, ndipo munthu amaikidwa m'manda abale ake ena ali kutsidya, osatha kuwoloka. Amenewo ndi amene a Bornwell ankawaganizira. Paja wofika mochedwa pamaliro amayamba kulira akali panjira, ndipo amene anafika kale amakhala chete kumupatsa malo. Nawonso m'vidiyo iliyonse, bokosi likangotsikira m'manda, ankakankhira kutsogolo zithunzi zotsatira n'kusiya mpata: mdima wokhawokha, wopanda chithunzi, wopanda mawu. Utali wake ankauyesa poimba chamumtima ndime ziwiri za nyimbo ya mapemphero. Oonera ankayamba ayesa kuti TV yafa. Kenako wina ankatulutsa kulira, ena n'kumutsatira, ndipo zithunzi pobwerera zinkapeza mitima itapepukako.

Akazi awo, a Damaris, ankawaseka nazo. Ankati m'Zambia monse mwamuna wawo yekha ndiye wogulitsa mdima, pomwe magetsi akazima aliyense amaupeza waulere.

Kompyuta yakale inafa ndi kutentha kwa Okutobala. Yatsopano inabwera ndi pulogalamu yomweyo, dzina lake lomwelo, koma eni ake anali ataiumbanso, moti a Bornwell anakhala ngati munthu wobwera kuulendo n'kupeza m'nyumba mwake zitseko zasamutsidwa. Zala zawo zinkapita zokha pa mabatani akale n'kupezapo zina. Zimenezo akanapirira. Chimene chinawapweteka n'chakuti pulogalamuyo sinkalola mpata. Akakankha chithunzi, chinkathamanga kubwerera n'kumamatira chinzake ngati kambuzi kothawira kwa make.

Anaimbira foni a Friday, mnzawo wa ntchito yomweyi wa ku Lundazi. A Friday anati nawonso zambiri zinawasowa, koma za mpata sanazifufuzepo, poti opanga anaitseka dala njirayo kuopa kuti anthu angamasiye mabowo mosadziwa. "Manje iwe, mdala, ufuna uwaphunzitse zolira?" anatero akuseka. Miyezi yotsatira a Bornwell anapereka mavidiyo a maliro opanda mpata, ndipo popereka ankayang'ana pansi.

A Damaris anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Anadwala sabata imodzi yokha. Kamera tsiku la maliro anagwira a Friday. Mayi wa malemuwo, a Ennie, anali kwawo ku Chifunda, ndipo madzi anawatsekereza. Anatumiza mawu akuti sangathe kulira mwana amene sanamuone akupita. Misozi aisunga kufikira mpongozi wawo atabweretsa vidiyo.

Mawu amenewo anawalemera a Bornwell. Analumikiza zonse bwinobwino: kwaya, ulaliki, nkhata za maluwa. Akafika pa bokosi, chithunzi cha anthu akubalalika kumanda chinkalumphira pomwepo. Ankaona m'maganizo mayi wokalambayo akukoka mpweya kuti ayambe kulira, koma pa TV anthu atayamba kale kupatsana moni.

Tsiku lina masana anatenga kamera n'kulowa m'khitchini ya akazi awo, mmene sanalowemo chichitikire maliro. Anaganiza kuti pulogalamuyo imakana malo opanda kanthu, koma chithunzi siikana, ngakhale chikhale chakuda bii. Anatseka diso la kamera ndi chivundikiro chake, anakhala pa kampando, n'kuyamba kujambula.

Kale mdima ankaupanga ndi chala chimodzi. Uwu unafuna kuti akhale nawo mpaka uthe. Anayamba ndime yoyamba chamumtima. Panja nyenje zinkalira, ndipo m'kati munkamvekabe fungo la utsi ndi la nsinjiro. Pa msomali panali lichero lopindika m'mphepete mmene a Damaris ankagwira. Ndime yachiwiri sanaimalize. Munthu amene anaima kumbuyo kwa kamera pa maliro mazanamazana, amenenso pa maliro a mkazi wake anatanganidwa ndi kulandira alendo, analira pamenepo ngati mwana, kamera ili pamiyendo.

Atapukuta m'maso, anaika mdimawo pamalo pake ndipo unakhazikika. Anadina batani lochotsa mawu, limene chala chawo chinalizolowera zaka zonsezo. Kumvetsera sanafune. Sanadziwe kuti m'pulogalamu yatsopanoyo batani limenelo linapatsidwa ntchito ina.

Msewu unauma mu Meyi. A Bornwell anakwera njinga yamoto kupita ku Chifunda, laputopu ili m'chikwama kumsana. A Ennie anayala mphasa pa khonde, amayi anzawo atatu n'kuwazungulira. A Bornwell anaika laputopu pa mpando ndipo anakakhala chapatali, cham'mbali, monga amakhalira mpongozi.

Kwaya inaimba, abusa analalika, bokosi linatsika, mdima unafika. Koma sunali wachete. Munamveka nyenje, kenako mpweya wa munthu ukunjenjemera, kenako mawu a mwamuna akuitana dzina la a Damaris, kawiri, katatu.

A Bornwell anadzambatuka, manyazi atawagwira thupi lonse, kuti akazimitse.

"Siyani," anatero a Ennie, dzanja ali nalo m'mwamba. "Apongozi, ndinu?"

"Ndine, amama. Pepani, ndinalakwitsa. Pamayenera kukhala chete."

Mayiyo anasendera pafupi ndi chithunzi chakudacho, anamvetsera pang'ono, ndipo kulira kumene anakusunga miyezi itatu kunatuluka, kukwera pamwamba pa kulira kwa mpongozi wawo. Amayi aja anatsatira. A Bornwell anakhalanso pansi, nkhope itabisika m'chipewa.

Vidiyo inatha. Kenako a Ennie anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati usiku ndi usana ankadzifunsa ngati mwana wawo anali ndi womulira kumeneko, poti m'mavidiyo amuna amangooneka atanyamula mafosholo.

"Bwezani pamdima paja," anatero. "Ndipo musakhale kutali uko. Bweretsani mpando wanu kuno."